Mbalame za pa Zilumba za Nyanja Zathu

Dziko lathu la Malaŵi lilibe nyanja ya mchere, koma zilumba lili nazo, ndipo zina mwa izo ndi zokongola kotero kuti alendo amachoka ku maiko akutali kudzaziona pamene ife eniake timangozimvera m'mabuku a sukulu. Pa Nyanja ya Malaŵi pali Likoma ndi Chizumulu cha kumpoto, pali Maleri kufupi ndi Salima, ndiponso Domwe, Thumbi, Mumbo ndi Boadzulu cha kumwera. Pa Nyanja ya Chilwa pali Chisi. Ine ndine munthu wa kumtunda, ndipo madzi amene ndidakula ndikuwadziŵa ndi a m'dambo ndi a pa chitsime. Komabe pa zaka zanga za uphunzitsi ndakhala ndi mwaŵi woponda pa zingapo mwa zilumbazi nthaŵi ya tchuthi, ndipo pa ulendo uliwonse ndinkatenga zinthu zitatu: kope, pensulo ndi magalasi oonera patali amene ndidagula pa kaunjika. Chimene ndinkakafuna ndi mbalame. Ndaganiza zokamba nanu, makolo ndi achinyamata, zimene ndidaona kumeneko, chifukwa zidandisiyira nkhaŵa imene sindifuna kuisenza ndekha.

Ndikudziŵa kuti ena mwa inu mwayamba kale kumwetulira. Munthu wamkulu, wa imvi kumutu, n'kumaononga ndalama za ulendo kukazonda mbalame zimene sadzazidya n'komwe! Aphunzitsi anzanga adandifunsapo zomwezo. Yankho langa ndi lakuti ife a msinkhu wanga tidakula tikuzidziŵa mbalame monga momwe munthu amadziŵira anansi ake. Poŵeta ng'ombe ndi mbuzi ku dambo, akuluakulu ankatiuza kuti uyu ndi timba, uyu ndi pumbwa, wakuda wa mchira wa mphanda uyo ndi mnthengu, wolira usiku uja ndi lumbe. Lero ndikawauza ana a Sitandade 6 kuti alembe maina a mbalame zimene amazidziŵa, ambiri amalemba nkhuku, nkhunda, bakha ndi khwangwala, kenaka pensulo imaima. Kambalame kalikonse kakang'ono kwa iwo ndi mpheta basi. Chonsecho m'dziko muno mwapezeka mitundu ya mbalame pafupifupi 650. Chinthu chimene munthu sachidziŵa dzina sachilira chikasoŵa, ndipo apa mpamene pagona nkhaŵa yanga.

NKHWAZI ZA KU THUMBI

Ulendo woyamba ndidapita ku Cape Maclear, kumudzi wa Chembe, pamodzi ndi amai a kunyumba ndi mdzukulu wathu wamwamuna amene nthaŵiyo adali ndi zaka 10. Malo ameneŵa ambiri a ife timawadziŵa, pakuti mpamene Dr Robert Laws ndi anzake adayambira ntchito ya Livingstonia m'chaka cha 1875, asadasamukire ku Bandawe mu 1881 kaamba ka malungo. Kuyambira 1980 mapiri a pamenepo, zilumba zake ndi madzi oyandikana nazo zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaika malowo m'kaundula wa malo a mtengo wapatali pa dziko lonse lapansi. Chachikulu chimene adawatetezera ndi tinsomba ta m'miyala tija totchedwa mbuna, koma mbalame nazo zidapulumukira pomwepo, chifukwa mitengo ya pa zilumbazo siiloledwa kudulidwa.

M'mamaŵa tidakwera boti kupita ku chilumba cha Thumbi chimene chimaonekera pafupi munthu akaima pa gombe la Chembe. Mnyamata woyendetsa botilo adayamba wagula nsomba zingapo kwa asodzi, nabaya kabango mu nsomba iliyonse kuti iziyandama. Titayandikira miyala adaimba mluzu, naponya nsomba imodzi pamadzi.

"Agogo, taonani pa mtengo apo!" adafuula mdzukulu wanga.

Nkhwazi idadzuka pa nthambi, idazungulira kamodzi, kenaka idatsetsereka mopendekeka, miyendo itatambasukira kutsogolo. Idatola nsombayo pamwamba pa madzi ngati munthu wotola ndalama pa msewu, osanyowetsa ngakhale nthenga za pamimba, n'kubwerera ku mtengo wake. Mutu, khosi, chifuwa ndi mchira wake n'zoyera mbee, mimba yake njofiirira ngati dothi la katondo, ndipo mapiko ake ngakuda. Yaikazi ndi yaikulu kuposa yaimuna, ndipo ikatambasula mapiko amapitirira mamita 2. Kunsi kwa zala zake kuli timinga tokhakhala, nchifukwa chake nsomba yoterera siipulumuka. Polira imagadamitsa mutu mpaka kumsana, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimalandizana mau kotero kuti kulira kwao kumamveka kutali pamwamba pa madzi. Tidaonanso ina ya nthenga zofiirira zamaŵangamaŵanga imene mdzukulu wanga ankati ndi mbalame ya mtundu wina. Adali mwana wa nkhwazi, pakuti mbalameyi imatenga zaka zinai kapena zisanu isadavale zoyera za makolo ake.

Iyi ndi mbalame imene ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu, ndiponso pa mbendera ya anansi athu a ku Zambia. Koma ulemu wonsewo suipatsa pogona. Nkhwazi imafuna mtengo wautali kufupi ndi madzi, ndipo pa mtengo umodzimodziwo imabwerera chaka ndi chaka n'kumaonjezera nkhuni pa chisa chake. Imaikira dzira limodzi, aŵiri, mwina atatu, n'kufungatira kwa masabata pafupifupi 6. Munthu akadula mtengo wotere kuti aseme bwato kapena kuti aŵambire nsomba, wapasula mudzi umene udakhazikika zaka zambiri. Mnyamata wa boti uja adandiuza mau amene ndidawalemba m'kope tsiku lomwelo: "Bambo, nkhwazi zimenezi ndiye munda wanga. Mlongo wanga ali ku sekondale chifukwa cha alendo obwera kudzaziona."

CHILUMBA CHOYERA CHA BOADZULU

Pobwerera tidaima pa gombe lina pakati pa Monkey Bay ndi Mangochi, ndipo kuchokera pamenepo tidapita ku Boadzulu. Munthu akachiona patali chilumbachi angayese kuti wina adachipaka laimu, chifukwa miyala ndi mitengo yake yomwe njoyera. Akayandikira, mphuno zimamuuza zoona maso asadatero: ndi zitosi za mphipi. Mbalame zimenezi zimagona ndi kuswana pamenepo mwaunyinji wake, chisa pamwamba pa chisa, ndipo phokoso lao limafanana ndi la pa msika tsiku la Loŵeruka.

Mphipi zilipo za mitundu iŵiri pa nyanja yathu. Pali yaikulu, yakuda kumsana koma yoyera pakhosi ndi pachifuwa, imene ndiyo mwini wake wa Boadzulu. Palinso yaing'ono, yakuda, ya mchira wautali, imene imakonda m'mabango. Zonse ziŵiri zimagwira nsomba pomira ndi kuithamangitsa pansi pa madzi, zikupalasa ndi mapazi ao okhala ngati a bakha. Nthenga za bakha zimakana madzi, koma za mphipi zimanyowa, ndipo kunyowako kumaithandiza kumira msanga. Malipiro ake ndi akuti ikavuuka iyenera kukhala pa mwala, mapiko atatambasulidwa, kudziyanika pa dzuŵa monga momwe amai amayanikira nsalu. Dzuŵa litapendeka tidaziona zikubwera kuchokera kokadya, mizere yaitali yotsatana pamwamba penipeni pa madzi, mzere wina ukatha wina n'kutulukira. Mdzukulu wanga adayesa kuŵerenga, koma atafika pa 300 adagwa ulesi.

Asodzi ambiri sazikonda mphipi, amati zimatha nsomba. M'boti mwathu mudali mkulu wina wokalamba amene moyo wake wonse adakhala akuŵedza, ndipo nditamufunsa za nkhaniyi adapukusa mutu.

"Aphunzitsi," adatero, "ine ndili mwana mphipi zidalipo zambiri, chambo nachonso chidalipo chambiri. Mphipi ili ndi mlomo umodzi ndipo ikakhuta imaleka. Koma ukonde wa maso aang'ono, makamaka masikito aja anyamata akukokera m'mbali mwa nyanja, sukhuta ai. Umatenga mai ndi mwana yemwe."

Adaonjezanso kuti maukonde a ulusi wa pulasitiki akatha ntchito amangotayidwa m'madzi, ndipo saola, amapitiriza kukola nsomba ndi mbalame zomira popanda woonjola. Ine sindidamuyankhe kanthu, ndidangolemba.

PA ILALA MPAKA KU LIKOMA

Ulendo wa ku Likoma ndidayenda ndekha pa tchuthi cha mwezi wa Disembala, ndipo ndidakwerera sitima ya Ilala ku Nkhata Bay. Sitima imeneyi ndi nkhalamba yolemekezeka. Idapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949, idabwera muno zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo idayamba kunyamula anthu mu 1951. Dzina lake idatengera kasitima kaja kamene amishoni adabwera nako mu 1875, ndipo kasitimako kadatengera dera la Ilala ku Zambia kumene David Livingstone adamwalira mu 1873. Tidayenda usiku, tidaima pa Chizumulu kutsitsa anthu, matumba a chimanga ndi malata, kenaka tidaloza ku Likoma.

Kutacha ndidaona kutsogolo kwathu chinthu chonga utsi wakuda utaima pamwamba pa madzi, mizati itatu kapena inai yofika kumwamba. Munthu wa kumtunda angaganize kuti boti likupsa. Anthu a m'sitimamo sadadabwe konse, adangoti ndi nkhungu. Nkhungu ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka timene timakulira pansi pa nyanja, ndipo tikakhwima timavuuka nthaŵi imodzi mwa miyandamiyanda. Mphepo ikatikankhira kumtunda, amai amatikola ndi malichero n'kupanga ndiwo. Koma amai si okhawo amene amatidikira. M'mbali mwa utsi uja mudali anamzeze osaŵerengeka, akuloŵa ndi kutuluka, pakamwa pali yasa. Pomwepo ndidazindikira kuti chakudya cha mbalame ya mumlengalenga chikhoza kuchokera pansi pa nyanja yakuya mamita pafupifupi 700, ndi kuti woononga madzi amaononga ndi za mumlengalenga zomwe.

Likoma ndi chilumba cha Malaŵi ngakhale chazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo mapiri a ku Cóbuè amaonekera pafupi kutsidya. Pa zilumba ziŵirizi, Likoma ndi Chizumulu, kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 14,000. Mlendo aliyense amayamba wakaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's cha Angilikani chimene adayamba kumanga mu 1903, ndipo inenso ndidatero. Koma chimene chidandikopa koposa ndi milambe. Ili ponseponse, m'minda ya chinangwa, pakati pa nyumba ndi m'mbali mwa njira, ndipo pamodzi ndi mitengo ya mango ndiyo imasunga mbalame za pa chilumbachi.

Pa mtengo wina woŵeramira pa madzi ndidakhala m'maŵa wathunthu kuonerera mpheta zachikasu zoluka zisa. Yoluka ndi yaimuna. Imang'amba udzu wauŵisi, imayamba ndi mphete imodzi, kenaka n'kumaluka mozungulira mpaka chisa chitatha, khomo lili pansi. Ikamaliza imalendeŵera kunsi kwa chisacho, ikukupiza mapiko ndi kulongolola kuti yaikazi ibwere kudzayendera. Yaikazi imaloŵa, imasuzumira uku ndi uku, ndipo ikapanda kukhutira imangouluka osatsazika. Chisa chokanidwa chikauma, mwini wake amachiphwasula n'kuyambanso china. Ndidaseka ndekha pokumbukira anyamata ena amene amafuna banja asadaumbe ngakhale njerwa imodzi.

Pa gombe padali kambalame kogwira nsomba ka maŵanga akuda ndi oyera, ka mlomo wautali ngati mkondo. Kameneka kamaima m'malere pamalo amodzi, mapiko akuphethira, mutu uli zyoli, kenaka n'kudzigwetsa m'madzi chamutu. Kakamuna kali ndi mikanda iŵiri yakuda pachifuwa, kakakazi kali ndi umodzi wodukiza pakati, ndipo chisa chao ndi una umene amakumba m'gombe la dothi. Padalinso nantchengwa, akuyenda m'madzi osaya kufuna achule. Mbalame yochepa ngati nkhuku imeneyi imamanga chisa chachikulu cha denga, chofika mita imodzi ndi theka m'mimba mwake, cholimba mwakuti munthu akhoza kuimapo. Makolo athu ankatiletsa kuponya mwala pa chisa cha nantchengwa, ndipo ngakhale zifukwa zimene ankapereka zidali zoopseza ana, mwambowo udasunga mbalameyi mpaka lero.

Ndidalembanso m'kope mbalame zimene sindidazione. Masiku onse amene ndidakhala pa Likoma sindidamve nkhwali m'maŵa, sindidaone nkhanga, ndipo nang'omba sadalire. Chilumba chimasankha alendo ake. Mbalame ya mapiko amphamvu imafika mosavuta, koma yoyenda pansi imene imauluka pang'ono n'kutera siingaoloke makilomita angapo a madzi, ndipo ngakhale itaoloka, malo ndi ochepa kuti mtundu wake uchuluke. Anamzeze aja, amene thupi lao silidzaza chikhato, ambiri mwa iwo amaswana ku Ulaya ndi ku Asia. Amafika kuno cha mu Okutobala n'kubwerera cha mu Malichi kapena Epulo, ataoloka zipululu ndi nyanja popanda chiphaso kapena tikiti.

Tsiku lina madzulo ndidakumana ndi anyamata atatu a msinkhu wa ana a m'kalasi mwanga, malegeni ali m'khosi. Mmodzi adamanga tiachoso tinai pa luzi. Choso ndi kambalame ka mlomo wopindika kamene kamamwa timadzi ta m'maluŵa, ndipo ukakasosola nyama yake siikwana kutafuna kaŵiri. Sindidawakalipire. Ndidamubwereka wamkulu mwa iwo magalasi anga n'kumulozera choso wina amene adali pa duŵa pafupi nafe. Adayang'ana nthaŵi yaitali ali chete.

"Aphunzitsi, pachifuwa pake pakuyaka ngati moto," adatero. "Pakhosi pali pobiriŵira. Kodi onse amakhala choncho?"

Mnyamata ameneyu adali atapha mbalame zotere zambirimbiri, koma tsiku limenelo nkuyamba kuona yamoyo ili pa ntchito yake. Ngati adaleka legeni kapena ai, zimenezo adziŵa ndi makolo ake. Chimene ine ndidaona ndi chakuti anzake aja adayamba kulimbirana magalasi, ndipo mdima udatipeza tili pomwepo.

CHISI NDI FUNSO LOVUTA

Chilumba cha Chisi, m'boma la Zomba, chidandiphunzitsa kuti nkhaniyi si yapafupi. Nyanja ya Chilwa njosiyana ndi ya Malaŵi. Ndi yosaya, madzi ake ndi amatope, ilibe mtsinje wotuluka, ndipo yazunguliridwa ndi madambo aakulu a mabango ndi udzu wa m'madzi. Tidakwerera boti pa doko la Kachulu, ndipo m'malo ena anyamata ankakankha botilo ndi nsungwi zazitali m'malo mopalasa ndi nkhafi. M'kati mwa mabango tidapitirira zimboŵera, tinyumba toyandama m'mene asodzi a matemba amagona masabata ambiri osapita kumtunda.

Mbalame zochuluka chotere sindidazionepo kwina kulikonse. Akakowa adayeretsa dambo lonse. Atsekwe ndi abakha a m'tchire ankadzuka mwa magulu boti likayandikira. Ndidaona vuwo, chimbalame choyera cha thumba kunsi kwa mlomo, ndipo mbalamezi zimaŵedza mogwirizana, kusambira mozinga nsomba n'kumiza milomo nthaŵi imodzi. Ndidaona chiswankhono, chimene milomo yake ikatsekedwa imasiya mpata pakati, ndipo dzina lake likunena ntchito yake: chimadya nkhono za m'madzi. Ndidaonanso kambalame kofiirira ka zala zazitali kwambiri kamene kamayenda pamwamba pa masamba oyandama osamira. Mwa mbalame zimenezi wofungatira mazira ndi kulera ana ndi wamwamuna, ndipo pakagwa choopsa amawanyamula anawo kunsi kwa mapiko, timiyendo tao tikulendeŵera. Kaamba ka kuchuluka kwa mbalame za m'madzi, Nyanja ya Chilwa idakhala malo oyamba m'Malaŵi kulembedwa pa pangano la Ramsar loteteza madambo ofunika pa dziko lapansi.

Koma nyanja imeneyi imauma. Idauma mu 1968, idaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka matope ong'aluka. Nsomba zikasoŵa, anthu amatembenukira ku mbalame, kuzitchera ndi misampha, ulimbo ndi maukonde, n'kumakazigulitsa zootcha m'misika. Pa Chisi ndidacheza ndi bambo wina amene ntchito yake ndi imeneyi, ndipo adandiyang'ana m'maso n'kufunsa:

"Aphunzitsi, inu mwezi ukatha mumalandira. Ine nyanja ikauma, ana anga adye chiyani?"

Funso limeneli ndi lachilungamo, ndipo munthu wokhuta asaliyankhe mwachipongwe. Mwana wanjala ndi wofunika kuposa bakha wa m'dambo. Koma bambo yemweyo adandifotokozera kuti osaka mbalame a m'mbali mwa nyanjayo adapanga magulu ao, napatula malo ena oswanirana mbalame kumene munthu saloledwa kutchera, ndiponso adagwirizana za nyengo yoleka kusaka. Iye mwini adati wotola mazira ndi wopha mbalame yofungatira amafanana ndi mlimi wokazinga mbeu. Apa ndidaona kusiyana kwa zinthu ziŵiri zimene kaŵirikaŵiri timazisokoneza. Pali kupha chifukwa cha njala, kumene kungathe kukhala ndi malamulo ndi malire. Palinso kupha chifukwa chakuti dzanja likuyabwa, kumene sikudyetsa munthu aliyense.

PHUNZIRO LA KU MAURITIUS

Kutali m'nyanja ya mchere ya Indian Ocean, kuvuma kwa Madagascar, kuli chilumba cha Mauritius chimene mbiri yake mwana aliyense wa sukulu ayenera kuimva. Kumeneko kudali mbalame yotchedwa dodo, mbale wake wa nkhunda koma yaikulu kuposa nkhukundembo, yosatha kuuluka, ndipo siinkapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Popeza pa chilumbacho padalibe zilombo zoidya, siinkadziŵa kuthaŵa. Amalinyero a ku Holland adafikako mu 1598. Anthu adaipha, adadula nkhalango, ndipo nkhumba, makoswe ndi apusi zimene zidabwera ndi zombo zidadya mazira ake amene inkaikira pansi. Umboni wotsiriza wodalirika wa munthu amene adaiona yamoyo ndi wa 1662. Zaka zosakwana 70 zidakwanira kufafaniza mtundu wonse.

Pa chilumba chomwecho pali kabaŵi wamng'ono amene mu 1974 adatsala anai okha odziŵika m'tchire, kaamba ka kutha kwa nkhalango, mankhwala a DDT ndi zilombo zobwera. Anthu ochepa adakana kugwa mphwayi. Adaswetsa mazira ake m'nyumba, adapachika mabokosi oti aziikiramo, nalondera zisa zake, ndipo lero akabaŵi ameneŵa alipo mazana angapo. Chilumba chimodzi chikutionetsa njira ziŵiri, ndipo zonse zidayendedwa ndi anthu.

Mbalame za pa zilumba zathu zili ndi mwaŵi umene dodo adalibe, pakuti mitundu yomweyo imapezekanso kumtunda, ndipo zikatha pa Thumbi kapena pa Chisi zina zikhoza kuoloka kudzakhalanso. Koma zidzaoloka pokhapokha ngati kumtundako zilipo. Tikaona mmene mapiri athu ameteredwa ndi makala, ndi mmene madambo akulimidwira mpaka m'mphepete mwa madzi, tiyenera kuvomereza kuti nkhalango zotsala, manda a m'midzi ndi timitengo ta pa sukulu nazonso zasanduka zilumba pakati pa nyanja ya minda.

KWA MAKOLO NDI ACHINYAMATA

Si onse amene angapeze ndalama zokwerera Ilala, ndipo sindikunena kuti munthu agulitse mbuzi kuti akaone mphipi. Ntchitoyi imayambira pa khonde. Inu makolo, maina amene agogo anu adakuphunzitsani musapite nawo kumanda. Mbalame ikalira m'maŵa, muuzeni mwana kuti ameneyo ndi pumbwa, ndipo mufotokozereni zimene amadya ndi kumene amaikira. Mukamasadza mitengo pa munda, siyaniko umodzi wautali. Mwana wanu akabwera ndi mazira a mbalame kapena tiana topanda nthenga, musamuyamikire kuti ndi mlenje. Mufunseni ngati chaka chamaŵa adzapezenso chisa pamalopo. Mukumbutseninso kuti kadzidzi amene timamuopa amadya mbeŵa ndi makoswe otha chimanga m'nkhokwe, ndi kuti anamzeze ndi amnthengu amatichotsera tizilombo popanda kutilipiritsa.

Inu achinyamata, magalasi oonera patali ndi abwino koma si ofunika poyamba. Pezani kope lakale, khalani pansi pa mtengo dzuŵa lisadakwere, ndipo mukhale chete, pakuti akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Lembani tsiku, malo, kukula kwa mbalameyo poyerekeza ndi mpheta, njiŵa kapena khwangwala, maonekedwe a mlomo ndi mchira, ndiponso kaliridwe kake. Imene simukuidziŵa dzina kafunseni kwa agogo, ndipo mudzadabwa ndi zimene akudziŵa. M'sukulu zambiri muli magulu osamala zachilengedwe amene amagwira ntchito ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi. Ngati pa sukulu panu palibe gulu lotere, pemphani aphunzitsi anu kuti liyambike.

Ndipo mwezi wa Okutobala ukadzafika, kutentha kuli pachimake, mitambo ikuyamba kusonkhana, muzidzayang'ana pa mawaya a magetsi ndi pamwamba pa dambo. Tsiku limene mudzaone anamzeze oyamba a mchira wautali wa mphanda ndi pakhosi pofiira, mudzalilembe. Chaka chotsatira mudzalembenso. Mukadzachita zimenezi zaka khumi, mudzakhala ndi mbiri ya mudzi wanu imene palibe buku la m'sitolo lingakupatseni, ndipo ngati chaka china alendo ameneŵa adzachedwa kapena kuchepa, m'mudzimo mudzakhala munthu mmodzi woti azindikire ndi kuchenjeza anzake.